Kodi ndiphunzire Chimakedoniya chenichenicho, kapena ndiyambire ku Chibugariya kapena Chisebiya?

A Chisale, Kasungu

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndine mlangizi wa ulimi wa fodya, ndipo ndimagwira ntchito ndi makalabu a alimi a m'dera lozungulira Chinkhoma kuno ku Kasungu. Akuluakulu a kuntchito andidziwitsa kuti chaka chamawa anditumiza ku North Macedonia, mumzinda wa Prilep, kumene kuli malo ofufuzira za fodya amene anakhazikitsidwa mu 1924, kuti ndikaone mmene anzathu kumeneko amalimira fodya wa Oriental. Fodya ameneyu ndi wamasamba ang'onoang'ono, wonunkhira, ndipo amaumitsidwa padzuwa, osati m'zigafa monga timachitira ndi bale. Maphunziro a m'kalasi adzakhala m'Chingerezi, koma chimene ndikuchifunitsitsa ndi kukacheza ndi alimi enieniwo m'minda mwawo, chifukwa pa ntchito yanga ndaona kuti mlimi amamasuka kwambiri kwa mlendo amene wayesetsa kuyankhula naye m'chiyankhulo chake kusiyana ndi amene wabwera ndi womasulira.

Vuto langa ndi lakuti mabuku ndi maphunziro a pa intaneti ophunzitsa Chimakedoniya ndi ochepa, ndipo anthu amene ndawafunsa andipatsa malangizo osemphana. Mnzanga wina akuti Chimakedoniya ndi Chibugariya ndi chiyankhulo chimodzi, monga Chichewa chathu ndi Chinyanja cha ku Chipata, kotero ndingophunzira Chibugariya popeza chili ndi mabuku ambiri. Wina akuti dzikolo linali gawo la Yugoslavia, choncho Chisebiya ndicho chingandithandize. Wina ataona zilembo zake anati ndi Chirasha basi. Mkulu wa mpingo kwathu nayenso anandikumbutsa kuti ku Makedoniya kumene kunapita mtumwi Paulo anthu ankayankhula Chigiriki.

Ndikupempha amene mukuzidziwa bwino nkhanizi kuti mundiunikire. Kodi Chimakedoniya chikugwirizana motani ndi ziyankhulo zoyandikana nacho, ndipo kodi munthu amene ali ndi miyezi yochepa yokonzekera, komanso amene nthawi yake yowerenga ndi madzulo okha akaweruka, angapindule podzera ku chiyankhulo china, kapena kumeneko ndi kuzungulira chabe?

Mayi Nabanda, Mchinji

Zikomo a Chisale chifukwa cha funso lanu. Ine ndimaphunzitsa Chichewa kusekondale kuno ku Mchinji, ndipo pamene ndinkachita maphunziro a sayansi ya ziyankhulo ndinawerenga ndithu za ziyankhulo za m'chigawo cha Balkan, kummwera chakummawa kwa Ulaya. Ndiyankha mbali ya malamulo a chiyankhulo, ndipo zandale ndisiyira ena. Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi Chimakedoniya chenichenicho kuchokera tsiku loyamba.

Chimakedoniya chili m'banja la ziyankhulo za Chisilavo, m'nthambi ya kummwera, momwe mulinso Chibugariya, Chisebiya ndi ziyankhulo za ku Croatia ndi Slovenia. Chirasha chili m'nthambi ya kummawa ndipo ndi wachibale wapatali. Kufanana kwa zilembo kusakusocheretseni, pakuti nafenso timalemba ndi zilembo zofanana ndi za Chingerezi ngakhale kuti ziyankhulo ziwirizi sizigwirizana m'pang'ono pomwe. Chigiriki ndi Chialubaniya si za Chisilavo n'komwe, ndipo Mmakedoniya sangazimve popanda kuziphunzira.

Pa malamulo a chiyankhulo, wachibale wapafupi kwambiri ndi Chibugariya. Ziwirizi zinasiya chinthu chimene chimalemetsa ziyankhulo zina za Chisilavo, chomwe ndi kusintha kwa mathero a dzina malinga ndi ntchito imene dzinalo likugwira m'chiganizo. M'Chisebiya dzina limakhala ndi kasinthidwe ka mitundu 7. Msebiya pofuna kunena kuti "ku Prilep" amati *u Prilepu*, ndipo pofuna kunena kuti "kuchokera ku Prilep" amati *iz Prilepa*, pamene Mmakedoniya amangoti *vo Prilep* ndi *od Prilep*, dzina la mzindawo osalikhudza. Mukayamba ndi Chisebiya kapena Chirasha, miyezi yanu yochepayo idzathera poloweza mathero a mayina amene simudzawagwiritsa ntchito kumunda kwa mlimi aliyense wa ku Prilep.

Tsopano ndifike pa chimene chimandisangalatsa kwambiri, ndipo ndichedwapo pang'ono chifukwa mabuku amene mudzawapeze analembedwera Azungu oyankhula Chingerezi, kotero amatcha zovuta zinthu zimene kwa Mchewa ndi zapafupi.

Chimakedoniya chimaloza chinthu pophatikiza kachidutswa kumapeto kwa dzina, ndipo chimachita zimenezi m'njira zitatu. Buku ndi *kniga*. Buku lodziwika kale kwa oyankhulanawo ndi *knigata*, buku limene lili pafupi ndi woyankhula ndi *knigava*, ndipo limene lili patali ndi *knigana*. Fodya ndi *tutun*, ndiye mudzamva *tutunot*, *tutunov* ndi *tutunon*. Ife timati bukuli, bukulo, buku lija, kapena fodyayu, fodyayo, fodya uja. Matanthauzo ake sagwera ndendende pamodzi, koma maganizo ake ndi amodzi, ndipo lilime lanu linazolowera kale kumaliza dzina ndi kachidutswa koloza. Chibugariya cholembedwa chili ndi mtundu umodzi wokha wa kachidutswaka, pamene Chisebiya cholembedwa chilibiretu.

Chinanso ndi chakuti pamene pamtherankhani ndi wodziwika, Chimakedoniya chimafuna kuti pafupi ndi mneni pakhale kam'lowam'malo komuimira, ngakhale dzinalo litchulidwanso. "Ndinaona munthu" ndi *vidov čovek*, koma "ndinamuona munthuyo" ndi *go vidov čovekot*. Kaliwu ka *go* kakugwira ntchito yomwe -mu- akugwira mu "ndinamuona". Chimodzimodzinso *ja kupiv knigata* ndi "ndinaligula bukulo". Ophunzira a ku England ndi America amaiwala kaliwu kameneka kwa nthawi yaitali chifukwa kwa iwo kamaoneka kongobwereza, koma ife timayankhula chomwechi tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwake n'kwakuti m'Chimakedoniya cholembedwa ndi lamulo lokhwima, pamene m'Chichewa nthawi zina munthu angathe kusiya.

Palinso nkhani ya aneni awiri otsatana. Ife tingathe kunena kuti "ndikufuna kupita" kapena "ndikufuna ndipite". Chimakedoniya chili ndi njira yachiwiriyo yokha: *sakam da odam*. Mneni wachiwiri nayenso amasonyeza mwininkhani, ndiye "ukufuna upite" ndi *sakaš da odiš*. Mayina ali m'magulu atatu, lachimuna, lachikazi ndi lapakati, ndipo afotokozi amagwirizana nawo, monga *ubav grad*, mzinda wokongola, *ubava kniga*, buku lokongola, ndi *ubavo selo*, mudzi wokongola. Kwa munthu amene anakula akugwirizanitsa magulu ambirimbiri a mayina a Chichewa, magulu atatu si katundu wolemera. Ulemu nawonso umayenda monga kwathu: *ti* ndi "iwe", *Vie* ndi "inu", ndipo mlimi wachikulire mudzamuyankhula ndi *Vie* mpaka iye mwini atakumasulani.

Chomaliza pa uthenga uno n'chakuti mwachita mwayi ndi malo amene mukupita. Chimakedoniya cholembedwa chinamangidwa pa kayankhulidwe ka m'madera a pakati chakumadzulo kwa dzikolo, makamaka Prilep, Bitola, Veles ndi Kičevo, ndipo Blaže Koneski, katswiri amene anatsogolera ntchito yokonza malamulo ake, anabadwira m'mudzi wa Nebregovo pafupi ndi Prilep mu 1921. Zimene mudzawerenge m'buku zidzakhala pafupi kwambiri ndi zimene mudzamve pamsika.

Kondwani, Sofia (kwathu ndi ku Santhe)

Moni bambo Chisale, moninso mayi Nabanda. Ine ndili pasukulu kuno ku Sofia, likulu la Bulgaria, ndipo maphunziro anga ndimachita m'Chibugariya. Zambiri zimene mayi afotokoza ndikugwirizana nazo, koma ndikufuna kuti Chibugariya tisachikankhire kutali kwambiri, chifukwa mnzawo wa bambo Chisale sananame kotheratu.

Ndinayendako ku Skopje, likulu la North Macedonia, ndi ku Ohrid, mzinda wina wa m'dzikolo, ndipo ndi Chibugariya changa ndinkatha kugula zinthu, kufunsa njira ndi kutsatira nkhani za pa wailesi yakanema. Mawu ambiri amangosiyana m'njira yodziwikiratu, moti ukaigwira njirayo umayamba kulosera wekha. Usiku ndi *noḱ* m'Chimakedoniya, *nošt* m'Chibugariya ndi *noć* m'Chisebiya. Dzanja ndi *raka*, *răka* ndi *ruka*. Msewu ndi *pat*, *păt* ndi *put*. Amakedoniya anataya liwu la h m'mawu ambiri, kotero buledi ndi *leb* pamene kuno ndi *hljab* ndipo ku Serbia ndi *hleb*. Nthawi yam'tsogolo imapangidwa ndi kaliwu kamodzi kosasintha m'ziyankhulo zonse ziwiri, *ḱe* uko ndi *šte* kuno. Mukamayenda kuchokera ku Sofia kudzera ku Blagoevgrad ndi Petrich n'kuwoloka malire kukafika ku Strumica, kayankhulidwe ka anthu kamasintha pang'onopang'ono, ndipo palibe mudzi umene munganene kuti pano ndiye pathera chiyankhulo china. Zimachitikanso chimodzimodzi chakumpoto, kumene anthu a ku Kumanovo amayankhula mofananako ndi a ku Vranje ndi Pirot m'dziko la Serbia. N'chifukwa chake ine fanizo la Chichewa ndi Chinyanja ndimaliona ngati loyenera.

Komabe pali zopunthwitsa zimene bambo ayenera kuzidziwa. Mawu ena a tsiku ndi tsiku ndi osiyana kwambiri: "ine" ndi *jas* uko koma *az* kuno, "ndikufuna" ndi *sakam* uko koma *iskam* kuno, ndipo "liwu" ndi *zbor* uko koma *duma* kuno. Mawu oti *baram* kwa Mmakedoniya ndi kufunafuna kapena kupempha chinthu, pamene kwa Mbugariya ndi kugwiragwira, ndiye ndi mawu ofunika kusamala nawo. Zilembo nazo n'zosiyana. Chibugariya chili ndi zilembo 30, zina mwa izo monga ъ, щ, ю ndi я sizipezeka m'Chimakedoniya, chomwe chili ndi zilembo 31 ndipo chimagawana ј, љ, њ ndi џ ndi Chisebiya. Pa zaka zonse zimene dzikolo linali mu Yugoslavia, mawu ambiri a m'maofesi, a usilikali ndi a zamakono analowa kudzera ku Chisebiya, ndipo nyimbo ndi mafilimu a ku Serbia ndi otchuka mpaka lero. Zotsatira zake n'zakuti Amakedoniya ambiri, makamaka achikulire, amamva Chisebiya bwino kuposa mmene Asebiya amamvera Chimakedoniya.

Ndiye maganizo anga ndi awa: amene akudziwa kale Chibugariya wayenda gawo lalikulu la ulendo, koma amene akuyamba kumene alibe chifukwa chodzera kuno. Bambo Chisale, mukadzafika pa mfundo ina ya malamulo imene buku lanu silinailongosole bwino, mungathe kuona mmene buku la Chibugariya laifotokozera, chifukwa kawirikawiri mfundoyo imakhala yomweyo. Ndikuchenjezeninso kuti kuno anthu ambiri, ngakhale aphunzitsi anga, amanena poyera kuti Chimakedoniya ndi nthambi chabe ya Chibugariya, ndipo bungwe la akatswiri la Bulgarian Academy of Sciences limaona chomwecho. Mawu amenewo musakawatchule ku Prilep.

Bambo Zulu, Mkanda, Mchinji

Ine ndine mphunzitsi wa mbiri yakale amene ndinapuma pantchito, ndipo ndikufuna kuyankha za mkulu wa mpingo uja komanso kutsutsana pang'ono ndi mwana wathu Kondwani pa fanizo la Chichewa ndi Chinyanja.

Mkulu wa mpingoyo ananena zoona. Mizinda ya Filipi, Tesalonika ndi Bereya imene timaiwerenga m'buku la Machitidwe ili m'dziko la Greece la masiku ano, ndipo Paulo analembera mipingo ya kumeneko m'Chigiriki. Anthu oyankhula Chisilavo anafika m'chigawocho patapita zaka pafupifupi 500 kuchokera nthawi ya Paulo. Koma Tesalonika yemweyo ali m'mbiri ya Chimakedoniya m'njira ina. Kumeneko n'kumene kunachokera abale awiri, Cyril ndi Methodius, amene mu 863 anatumidwa kukalalikira ku Moravia, dera la pakati pa Ulaya, ndipo anamasulira malemba m'Chisilavo chimene ankachimva m'midzi yozungulira mzinda wawo. Ophunzira awo, Kliment ndi Naum, anadzakhazikika ku Ohrid n'kuphunzitsa anthu ambiri, ndipo Kliment anamwalira mu 916. Pa nthawiyo Ohrid inali pansi pa ufumu wa Bulgaria, n'chifukwa chake mayiko onse awiri amati oyera mtima amenewa ndi awo. Mkangano wa lero mizu yake inazama mpaka kumeneko.

Chigawo chonsecho chinalamulidwa ndi Aturuki a ufumu wa Ottoman kwa zaka pafupifupi 500. Mu 1903 Krste Misirkov anasindikiza buku ku Sofia lonena kuti Amakedoniya akhale ndi chiyankhulo chawochawo cholembedwa, chochokera ku kayankhulidwe ka m'madera a pakati. Nkhondo za mu 1912 ndi 1913 zitatha, pangano la ku Bucharest linagawa chigawocho pakati pa Greece, Serbia ndi Bulgaria. M'gawo limene linapita ku Serbia ana ankaphunzira m'Chisebiya, ndipo pamene Bulgaria inalanda deralo kuyambira 1941 mpaka 1944 ankaphunzira m'Chibugariya. Pa 2 Ogasiti 1944 msonkhano wa omenyera ufulu umene unachitikira ku nyumba ya amonke ya Prohor Pčinjski unalengeza kuti Chimakedoniya ndicho chiyankhulo cha boma, ndipo zilembo zake zinavomerezedwa mu Meyi 1945. Dzikolo linavotera ufulu wodzilamulira pa 8 Seputembala 1991. Bulgaria ndiyo inali yoyamba kulivomereza ngati dziko mu Januwale 1992, koma chiyankhulo sinachivomereze, ndipo mu Novembala 2020 inatsekereza kuyamba kwa zokambirana zoti North Macedonia ilowe mu European Union, nkhani ya mbiri ndi chiyankhulo ili pakati pa zifukwa zake. Ndi Greece mkangano unali pa dzina, ndipo unatha ndi pangano la Prespa la pa 17 Juni 2018, limene linachititsa kuti dzikolo lizitchedwa North Macedonia kuyambira mu Febuluwale 2019. Panganolo linavomereza kuti chiyankhulocho chizitchedwabe Chimakedoniya, n'kunenanso momveka kuti ndi cha m'nthambi ya kummwera ya Chisilavo.

Tsopano za fanizo lija. Ife a kuno kumalire timalidziwa bwino. Mu 1968 boma la Dr Banda linasankha dzina loti Chichewa m'malo mwa Chinyanja, mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe, ndipo anzathu a ku Zambia anasunga dzina lakale n'kumalemba Cinyanja popanda h. Pamenepo fanizolo likugwira, chifukwa likusonyeza kuti boma ndi sukulu zimatenga mbali pa dzina ndi kalembedwe ka chiyankhulo. Koma likulephera pa mfundo yaikulu. Munthu wa ku Mchinji ndi wa ku Chipata akakumana pa Mwami, kapena akapita limodzi ku Kulamba ku Mkaika kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, palibe amene amakana kuti ndi mtundu umodzi woyankhula chiyankhulo chimodzi, ndipo palibe boma limene linakakamiza ana a mnzake kusiya chiyankhulo cha makolo awo. Kwa Mmakedoniya, kumuuza kuti chiyankhulo chake ndi nthambi ya china kuli ngati kumuuza kuti mtundu wake kulibe, ndipo agogo ake anamvapo mawu amenewo kuchokera kwa olamulira awiri osiyana. Kusiyana kwa Chimakedoniya ndi Chibugariya cholembedwa n'kokulirapo ndithu kuposa kwa Chichewa ndi Chinyanja, ndipo akatswiri ambiri a ziyankhulo kunja kwa Bulgaria amazitenga ngati ziyankhulo ziwiri. A Chisale, mlendo amene wafika akulonjera m'Chibugariya adzamveka, koma alimi adzayamba adzifunsa kuti waphunzitsidwa ndi yani ndipo wamva zotani za iwo.

A Chisale, Kasungu

Ndathokoza kwambiri mayi Nabanda, achimwene a Kondwani ndi bambo Zulu. Ndatsimikiza kuti ndiyamba ndi Chimakedoniya chenichenicho, ndipo za mikangano ya mayiko ndidzangomvetsera eniake akamafotokoza. Ndili ndi mafunso ena awiri. Ndawerenga kuti m'dzikolo Chialubaniya nachonso ndi chiyankhulo cha boma, ndiye kodi ndifunika kuchiphunziranso? Kachiwiri, mayi mwatchula zimene zili zapafupi kwa Mchewa, koma ndikupempha kuti mutchulenso zimene zidzandivute, kuti nthawi yanga yambiri ndiithere pamenepo.

Mayi Nabanda, Mchinji

Pa Chialubaniya musadere nkhawa. Kalembera wa mu 2021 anapeza kuti m'dzikolo mukukhala anthu oposa pang'ono 1.8 miliyoni, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ndi Mwalubaniya. Pangano la ku Ohrid la mu 2001 linapatsa chiyankhulo chawo malo m'maboma ang'onoang'ono momwe oyankhula ake afika 20 pa 100 alionse, ndipo lamulo la mu 2019 linakulitsa malowo. Koma iwo ndi ochuluka chakumadzulo ndi kumpoto, ku Tetovo, Gostivar, Debar ndi mbali zina za Skopje, pamene ku Prilep anthu ambiri ndi oyankhula Chimakedoniya. Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale Chialubaniya, Chigiriki ndi chiyankhulo cha ku Romania si abale apafupi a Chimakedoniya, kukhalirana kwa zaka mazanamazana kunazichititsa kutengerana makhalidwe. Chialubaniya komanso chiyankhulo cha ku Romania nazonso zimaphatikiza kachidutswa koloza kumapeto kwa dzina, ndipo Chigiriki nacho chimati "ndikufuna ndipite". Mawu ambiri a kumsika ndi a pakhomo anachokera ku Chituruki, monga *komšija*, mnansi woyandikana naye nyumba, *čaršija*, dera la masitolo, ndi *tutun* yemwe uja.

Zilembo ziphunzireni poyamba, ndipo musazolowere kuwerenga Chimakedoniya cholembedwa m'zilembo zathuzi, chifukwa zikwangwani ndi mapepala a alimi zidzakhala m'zilembo zawo zotchedwa Cyrillic. Ntchitoyi si yaikulu, popeza lembo lililonse limaimira liwu limodzi ndipo mawu amalembedwa monga amatchulidwira. Samalani ndi zilembo zooneka ngati zathu koma zotchulidwa mwina: В ndi v, Н ndi n, Р ndi r, С ndi s, ndipo У ndi u, kotero fodya amalembedwa ТУТУН. Maliwu ambiri amene amavuta Azungu ife tili nawo kale. Lembo la ѕ ndi dz wa mu "dzina", ц ndi ts wa mu "tsiku", њ ndi ny wa mu "nyumba", ndipo ѓ ali pafupi ndi dy wa mu "kudya". Lembo la ќ likufanana ndi thy wa mu "thyola" mukachepetsa mpweya.

Zovuta zenizeni zili m'kamwa. Ife phatikizo lililonse timalimaliza ndi lembo la liwu, ndipo lilime limafuna kuwonjezera i kapena u paliponse pamene malembo opanda liwu aunjikana. Chimakedoniya chili ndi mawu ngati *prst*, chala, *krv*, magazi, ndi *crn*, chakuda, ndipo moni wamba ndi *zdravo*. Muziyeserera mokweza mawu mpaka musiye kunena "zidiravo". Kenaka pali l ndi r, amene kwa ife sasintha tanthauzo koma kwa iwo ndi maliwu awiri: *loza* ndi mtengo wa mpesa pamene *roza* ndi duwa. Chachitatu ndi malo otsindika. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene iwo amatsindika lachitatu kuchokera kumapeto, ndipo kutsindikako kumasuntha mawu akatalika. Phiri ndi *planina*, kutsindika pa *pla*, koma phirilo ndi *planinata*, kutsindika pa *ni*. Lamuloli ndi lokhazikika m'mawu ambiri a Chimakedoniya, kusiyana ndi Chibugariya ndi Chirasha kumene umachita kuloweza liwu lililonse palokha, koma chizolowezi cha Chichewa chidzakukokerani kutsogolo ndi phatikizo limodzi mukapanda kusamala.

Pa aneni, chimene chidzakudyereni nthawi n'chakuti pafupifupi mneni aliyense amayenda ndi mnzake, wina wonena za ntchito yopitirira kapena yobwerezedwa ndipo wina wonena za ntchito yochitika kamodzi n'kutha. *Kupuvam* ndi kugula kopitirira, monga wogula fodya amachitira nyengo yonse, pamene *ḱe kupam* ndi kudzagula kamodzi n'kumaliza. Awiriwa muziwaloweza pamodzi kuyambira pachiyambi. Buku la Christina Kramer lophunzitsa Chimakedoniya, losindikizidwa ndi University of Wisconsin Press, limafotokoza bwino mfundoyi, ndipo yunivesite ya Ss. Cyril and Methodius ya ku Skopje imachititsa maphunziro a chiyankhulochi kwa alendo ku Ohrid chaka chilichonse m'nyengo yotentha, ngati ulendo wanu udzagwirizane ndi nthawiyo. Nkhani za wailesi ya boma ya MRT muzizimvetsera pa intaneti ngakhale musanayambe kumva zambiri, kuti khutu lizolowere malo otsindika.

Mawu a ntchito yanu muyambe kuwasonkhanitsa panopa. Munda ndi *niva*, mbande za kunazale ndi *rasad*, tsamba ndi *list*, kukolola ndi *berba*, kuumitsa ndi *sušenje*, ndipo kugula fodya kwa alimi kumene makampani amachita ndi *otkup*. Kumeneko masamba amawatunga pa chingwe ndi singano yaitali asanawayanike, ndipo ntchitoyo, imene ikufanana ndi kusoka fodya kwathu, amaitcha *niženje*. Imagwiridwa ndi banja lonse litakhala pansi pakhomo, ndipo pamenepo m'pamene macheza amakhala ambiri.

Pali chinthu chimodzi m'malamulo a aneni chimene mlangizi ayenera kuchitchera khutu kwambiri, ndipo chimapezekanso m'Chibugariya ndi m'Chituruki koma osati m'Chisebiya cholembedwa. Ife tikamanena zimene tangomva kwa ena timaika "akuti" kutsogolo, koma Mmakedoniya amasintha mneni weniweniyo. Mlimi akati *cenata padna*, ndiye kuti mtengo watsika ndipo iye akuikira umboni. Akati *cenata padnala*, kawirikawiri ndiye kuti wangomva kwa ena, kapena waona zizindikiro zokha. Pamene mukulemba zimene alimi akukuuzani za mitengo, za matenda a kunazale kapena za mankhwala amene anathandiza m'munda wa mnzawo, muzimvetsera ngati mneni watha ndi *-l*, *-la*, *-lo* kapena *-le*, ndipo ngati watero, mufunse kuti anaona ndi yani musanazilembe m'lipoti lanu.